Kusintha oil seal ya camshaft pa Corolla yakale ya injini ya 4A kapena 5A

M'mawa mukasuntha galimoto pamene inagona, mumapeza kadontho kakuda pansi, mbali ya dalaivala, chakumbuyo pang'ono kwa bampala. Sabata yoyamba mumangofotsera ndi phazi. Mwezi ukamatha kadontho kaja kakula ngati mbale, ndipo botolo la oyilo lapeza malo okhazikika m'buti. Ambiri timakhala choncho miyezi, kumangothira, chifukwa galimoto ikuyenda ndithu. Koma ngati oyiloyo akutsikira kuchokera m'chivundikiro cha pulasitiki chomwe chimabisa timing belt, lamba wa mano yemwe amazungulitsa camshaft (shaft yotsegula ndi kutseka ma valve), musazengereze. Lamba ameneyu ndi wa labala, ndipo labala akamwa oyilo amafufuma, nkufewa, mano ake nkuyamba kusosoka. Tsiku lomwe adzadumphe kapena kusosokeratu sadzakufunsani kuti muli pa Zalewa kapena pakhomo.

Ndikunena za magalimoto omwe tinawazolowera mu msewu: Corolla ndi Sprinter za AE100 zomwe zinayamba kutuluka mu 1991, za AE110 zomwe zinabwera mu 1995, ndi Carina za zaka zomwezo, zokhala ndi injini ya 4A-FE kapena 5A-FE. Ngati yanu ndi Corolla ya NZE121, ya injini ya 1NZ-FE, nkhani ino si yanu, chifukwa imeneyo imayendera tcheni chomwe chimasamba mu oyilo m'kati, ndipo kutsogolo kwa camshaft kulibe seal, kamphete ka labala kotchinga oyilo, ngati yomwe tikunena pano. Injini za 4A-FE ndi 5A-FE zili ndi ma camshaft awiri, koma lamba amazungulitsa imodzi yokha, ya ku ekizozi, ndipo inayo imakokedwa ndi magiya m'kati mwa head, mutu wa injini. Ndiye seal yosintha ndi imodzi basi. Musalole kugulitsidwa ziwiri.

Muyambe mwatsimikiza kuti ndi seal

Apa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Oyilo amayenda chotsika, ndipo mphepo ya pa msewu imamumwaza paliponse, choncho malo amene mwaona kunyowa si amene akuchokera. Mbali imeneyi ya injini ili ndi malo anayi omwe angadonthe: gasiketi ya top cover (chivundikiro cha pamwamba pa injini), seal ya camshaft, seal ya crankshaft (shaft yaikulu yomwe ma piston amazungulitsa) pansi, ndi pampu ya oyilo yomwe ili kumeneko komweko. Pa magalimoto a zaka makumi atatu, wolakwa kawirikawiri amakhala gasiketi ya top cover, yomwe imauma gwa ngati chikopa cha ng'oma, nkumadonthetsa pa ngodya pomwe pali seal.

Tsukani mbali yonseyo ndi parafini ndi kaburashi, mupukute iume. Yendani tsiku limodzi kapena awiri. Kenako tengani tochi ya pa foni, mufufuze malo onyowa omwe ali pamwamba kuposa onse. Ngati kunyowa kwayambira m'mphepete mwa top cover, mwina gasiketi yokha ikwanira. Ngati m'mphepetemo ndi mouma koma oyilo akutulukira kunsi kwa zivundikiro za lamba, muyenera kutsegula muone kuseri kwa pule ya camshaft. Mukapeza kamzere konyowa kochokera pansi pa shaft kutsika pa khoma la head, mwamugwira. Kumtunda kukakhala kouma konse, pansi pokha nkumanyowa, ndiye vuto lili ku crankshaft.

Musanagule chilichonse, zulaninso PCV valve, kachitsulo kakang'ono kozikika pa top cover komwe kali ndi paipi yopita ku manifold. Kagwedezeni pafupi ndi khutu. Kabwino kamalira kuti tcheketcheke. Kakakhala duu, katsekeka ndi phala la oyilo wakale, ndipo mpweya wotentha wa m'injini ukusowa potulukira, ndiye ukukankha oyilo pa ma seal. Mukaika seal yatsopano kachitsuloka kali chotsekeka, mudzabwereranso pomwepa mvula isanagwe.

Zogula ndi zida

Gulani seal ya camshaft, gasiketi ya top cover pamodzi ndi timalabala ta pa mapulagi, kachubu ka gasket maker (phala lomatira) wosasungunuka ndi oyilo, ndi girizi pang'ono. Ngati lamba wanyowa, gulani lamba watsopano, ndipo poti mukhala mutafika kale pansi, tengeranitu seal ya crankshaft ndi tensioner, kapule kokunga lamba. Lamba wonyowa ndi oyilo satsukidwa. Ndaonapo anthu akumupukuta ndi petulo nkumubwezera; amaoneka woyera inde, koma matenda ali m'kati.

Ku Biwi, ku Malangalanga, ku Limbe kapena ku Ndirande ma seal ali mbwee, ndipo mitengo yake imasiyana modabwitsa. Ine pa chinthu ichi sindinenerera. Seal ndiyo yotchipa pa ntchito yonseyi, koma ikakhala yabodza mumasula zonse kachiwiri. Funsani ya Toyota yeniyeni kapena ya NOK, ndipo muigwire m'manja muione: mlomo wake wa m'kati ukhale wosalala wopanda tinyenyeswa, kasipuling'i kakhale kali m'malo mwake. Pa nkhope ya seal pamalembedwa manambala atatu, kukula kwa bowo, kukula kwa kunja ndi kuchindikala. Njira yosaphonya ndi kunyamula yakale popita kukagula, ngati muli ndi njinga kapena ya minibasi yoti muyendere galimoto ili chomasula. Ya kaunjika yochotsedwa pa injini ina, ayi.

Zida ndi zomwe zimapezeka m'bokosi la aliyense wokonda kugwiragwira: masoketi ndi masipanala a 10, 12, 14 ndi 17, sipanala ya mapulagi, shifting yaikulu, sikuludiraiva yaing'ono, pulayala, nyundo yopepuka, jeke, tepi wakuda wa magetsi, penti yoyera kapena Tipp-Ex, ndi sanza zoyera zambiri. Torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti mu ma Nm, mubwereke ngati mulibe. Sankhani malo a mthunzi osawomba mphepo. M'mwezi wa October kamvuluvulu mmodzi akhoza kukuthirirani mchenga pa ma camshaft ali poyera.

Kutsegula

Injini ikhale yozizira, makamaka yogona usiku wonse. Chotsani waya wa negative pa batire. Kokani handibuleki, ikani miyala ku matayala akumbuyo, kwezani mbali ya dalaivala, chotsani tayala la kutsogolo ndi kapulasitiki kotchinga matope. Pansi pa galimoto ikani stand kapena chipika cholimba. Njerwa zimaphwanyika osachenjeza, ndipo jeke yekha si wodalirika mutu wanu uli m'khonde la tayala.

Musanachotse lamba wa alternator, yambani mwafewetsa mabawuti anayi a pa pule ya water pump. Lambayo ndiye akukugwirirani pule kuti isazungulire. Mukamuchotsa kaye mudzalimbana nayo ngati nkhuku yothawa. Mukatero chotsani lamba ndi puleyo, ndi malamba ena ngati akutchinga. Zulani mawaya a mapulagi mutawalemba 1, 2, 3, 4 kuyambira mbali ya lamba, chotsani mapulagi kuti injini izipukusika mopepuka, ndipo m'mabowo mwake mutsekemo ndi sanza. Masulani manati a top cover, muinyamule. Ikakakamira, imenyeni pang'ono m'mbali ndi chikhatho kapena chigwiriro cha nyundo, osalowetsa sikuludiraiva pakati, chifukwa head ndi ya aluminiyamu ndipo imatemeka msanga. Kenako chotsani zivundikiro ziwiri za pulasitiki, cha pamwamba ndi cha pakati. Mabawuti ake ndi osiyana kutalika. Abayeni pa katoni monga mmene anakhalira pa injini.

Timing, musanakhudze lamba

Ikani giya pa neutral. Ndi soketi pa bawuti ya pule ya crankshaft, pukusani injini molowera kumene mivi ya wotchi imalowera, osati chobwerera, mpaka kamphako ka m'mphepete mwa pule kayang'anizane ndi 0 wa pa chivundikiro cha pansi. Tsopano yang'anani kumtunda. Pa pule ya camshaft pali kabowo, ndipo mukasuzumiramo muyenera kuona chizindikiro chomwe chili kuseri kwake pa bearing cap yoyamba, kachitsulo kogwira camshaft pa head. Ngati sichikuoneka, pukusaninso crankshaft ulendo umodzi wathunthu, chifukwa iyo imazungulira kawiri pamene camshaft yazungulira kamodzi.

Zikagwirizana, musadalire maso okha. Donthezani penti pa dzino limodzi la pule ndi pa lamba pomwe akumana, kadontho kena pa pule ndi pa head, ndipo mujambule chithunzi pa foni. Jambulaninso muvi pa lamba wosonyeza kumene amalowera. Ma pule ena ali ndi mabowo kapena timipata toposa kamodzi, chifukwa pule imodzimodziyo inkalowa pa injini zingapo; pentiyo ndi imene idzakukumbutseni kabowo kanu dzuwa likapendeka mutatopa.

Injini ya 4A-FE ili ndi chifundo chimodzi: lamba akaduka, ma piston sagunda ma valve. Izi zisakupangitseni mphwayi. Mukaphonya dzino limodzi, galimoto ilira ndithu, koma pa chitunda izikhala ngati yanyamula matumba a chimanga, ndipo petulo azitha ngati mukuthira pansi.

Tsopano bawuti ya pule ya camshaft. Pa camshaft pali malo osulidwa a ngodya zisanu ndi imodzi, oti mugwirepo ndi sipanala. Gwirani pamenepo ndi shifting, mutaika kathabwa kapena sanza pomwe ingatsamire pa head, ndipo ndi dzanja linalo fewetsani bawutiyo, koma musaichotse kaye. Musayerekeze kugwiritsa lamba ngati chogwirira, kapena kupanikiza chitsulo m'mabowo a pule chotsamira pa head.

Pa chivundikiro cha pansi pali kalabala kotseka bowo. Kachotseni ndipo muona bawuti ya tensioner. Ifewetseni, kankhani tensioner itakasuke kwa lamba mpaka pomwe yalekezera, nkuimanganso pang'ono ikhale komweko. Vulani lamba pa pule ya camshaft ndi zala, osati ndi chitsulo. Ngati lamba ndi wouma ndipo mumubwezera, mumangirireni m'mwamba ndi kawaya kapena chingwe kuti akhale chokokeka, asachoke pa mano a pansi. Musamupinde mwamphamvu, musamugwire ndi manja a oyilo, ndipo kuyambira pano crankshaft isasunthe. Pa kamwa pa chivundikiro cha pansi tsekanipo ndi sanza. Kawashala kakagwera m'menemo, mwadzionjezera maola awiri.

Chotsani bawuti, kokani pule. Seal ija ndi iyo, yakuda, yozungulira shaft.

Kuzula yakale

Ntchito yonse yagona pa mphindi khumi izi. Yang'anani kaye kuti yakaleyo inalowa kufika pati, mujambule. Kenako kumbukirani kuti pali malo awiri osafunika kukandika ngakhale pang'ono: pa shaft pomwe mlomo wa seal umatsetsereka, ndi m'bowo la aluminiyamu momwe seal imakhala.

Ulendo wanga woyamba ndinalowetsa sikuludiraiva pakati pa mlomo wa seal ndi shaft, nkutipula ngati ndikukumba chinangwa. Seal inatuluka, ine nkusangalala. Patatha masiku anayi kadontho kanabwerera pamalo pake penipeni. Nditatsegulanso, bambo wina wachikulire yemwe wagwira za injini moyo wake wonse anabwera, nayendetsa chikhadabo pa shaft, chikhadabo nkukodwa. Sanalankhule zambiri. Anangoti, “Mwana wanga, apa mwalemba dzina lanu.” Kamzereko kanali kochepa ngati tsitsi, koma oyilo wotentha safuna msewu waukulu.

Njira yomwe ndimatsata tsopano ndi iyi. Ndi kamsomali kakuthwa kapena kadirilo kakang'ono, boolani kabowo pakati pa nkhope ya seal, pomwe pali chitsulo pansi pa labala, kutali ndi shaft komanso kutali ndi m'mphepete. Lowetsanimo kasikuluu ka matabwa, mano awiri kapena atatu okha, osapyoza kwambiri. Gwirani mutu wake ndi pulayala, mukoke molunjika kwa inu. Ikakana, boolani kena mbali inayo, muzikoka mosinthana. Ngati mwasankha sikuludiraiva, kulungani nsonga yake ndi tepi, ndipo ikole chitsulo cha seal yokha, isatsamire pa shaft.

Amakaniko ena amamasula mabawuti awiri a bearing cap yoyamba, nkuinyamula, seal nkungotuluka ndi zala. Zimatheka, ndipo shaft siikandika. Koma cap imeneyo ikakana kunyamuka ndi dzanja musaikakamize, ndipo poibwezera imafuna kupala gasket maker wakale, kupaka watsopano mopyapyala m'mbali mwake, ndi kumanga mabawuti pa 13 Nm. Mukapyola pamenepo mano a mu aluminiyamu amapululuka. Amene alibe torque wrench, njira ya kasikuluu ndiyo yake.

Ikatuluka, pukutani bowo ndi shaft mpaka sanza izibwera yoyera. Onetsetsani kuti kasipuling'i ka seal yakale katuluka nayo, sikanatsalire pa shaft. Ndiyeno yendetsani chikhadabo. Pa injini zoyenda mtunda wautali, mlomo wa seal umadya kangalande kozungulira shaft. Kakakhala kongooneka ndi maso koma chikhadabo sichikodwa, palibe vuto. Kakakhala kokodwa, seal yatsopano muikhazike mosiyana ndi yakale ndi milimita imodzi, kuti mlomo wake ugwere pa chitsulo chosadyeka. Kamzere koyenda motsata kutalika kwa shaft, ngati kanga kaja, nkoipa kuposa kozungulira. Kakang'ono mukhoza kukasalaza ndi sandpaper wosalala kwambiri wonyowetsedwa ndi oyilo, koma kozama kamafuna camshaft ina.

Kulowetsa yatsopano

Ikani yakale ndi yatsopano pamodzi muone ngati zikufanana. Mbali ya mphako, yomwe ili ndi kasipuling'i, imayang'ana m'kati kumene kuli oyilo. Nkhope yosalala ya zilembo imayang'ana inu. Pakani girizi pang'ono pa mlomo wa m'kati. Seal youma imapsa m'masekondi oyamba injini ikalira, oyilo asanafike. Kunja kwake musamateko gasket maker, ngakhale ambiri amatero. Seal yoyenera imagwira yokha, ndipo phalalo limangoitereretsa.

Kulungani tepi kamodzi ku mapeto a shaft, pomwe pali ngodya ndi kapini, mupake oyilo pa tepiyo, ndipo tsetseretsani seal mukuipotoza pang'ono. Cholinga nchakuti mlomo usapindikire kunja, chifukwa ukapindika kasipuling'i kamagwa inu osaona. Ikafika pa bowo, ikankheni ndi zala zazikulu ziwiri mpaka igwire mozungulira monse. Chotsani tepi. Pezani soketi yaikulu kapena kachidutswa ka paipi ya PVC kodulidwa mowongoka, kotsamira m'mphepete mwa kunja mwa seal. Menyani pang'onopang'ono, muime, muyang'ane, mumenyenso. Ikayamba kupendekeka, ikonzeni nthawi yomweyo pogogoda mbali yotsalira. Malo ndi opanikizika mbali imeneyi ndipo nyundo siyenda bwino. Ena amaika paipi ija ndi chiwashala chachikulu, nkumanga bawuti ya pule pang'onopang'ono kuti ikankhe seal. Njira imeneyi imalowetsa mowongoka kuposa nyundo.

Imani pomwe yakale inalekezera. Kuikhomera mpaka m'kati si kulimbitsa. Kuseri kwake kuli kanjira kobwezera oyilo m'injini, ndipo mukakatseka oyilo aunjikana pa mlomo.

Ngati mukusinthanso lamba

Apa ntchito ikula. Bawuti ya pule ya crankshaft ndi yolimba kwambiri. Pa galimoto ya manual, ikani giya yapamwamba, mnzanu aponde buleki mwamphamvu, inu mukoke ndi chitsulo chachitali. Ichi muchite poyamba, musanavule lamba wakale pa pule ya camshaft, kenako mubwezere zizindikiro. Za kutsamiritsa chitsulo pansi nkugunda sitata ndimaziona m'magalaja, koma sindingakulangizeni. Pule ikatuluka chotsani chivundikiro cha pansi ndi kambale kotchinga lamba, mukumbukire mbali yomwe kanayang'ana. Lamba satuluka mounting ya injini ya mbali imeneyo ili chimangire, choncho ikani jeke pansi pa sampu, thabwa lili pakati, munyamule pang'ono, ndiye mumasule mounting. Tsukani oyilo yense pa mapule ndi m'zivundikiro, ziume, musanaike lamba watsopano. Bawuti ya crankshaft pobwezera imafuna 118 Nm.

Kubwezera

Lowetsani pule ya camshaft, kapini ka pa shaft kalowe m'kampata komwe kanali, penti yanu igwirizane. Gwiraninso camshaft ndi shifting, mumange bawuti pa 59 Nm. Onani kuti pansi pakadali pa 0 ndipo kabowo kakuonetsa chizindikiro. Vekani lamba kuyambira mbali yopanda tensioner, mbali imeneyo ikhale yokungika, kulendewera konse kutsalire ku tensioner. Fewetsani bawuti ya tensioner kuti sipuling'i yake ikoke yokha. Musaonjezere mphamvu ndi chitsulo. Lamba wokungika mopyola amalira ngati mluzu ndipo amadya ma bearing.

Pukusani crankshaft ndi dzanja maulendo awiri athunthu, pang'onopang'ono, mubwerere pa 0. Suzumirani m'kabowo. Ngati chizindikiro chapatuka, vulani lamba muyambirenso, musadzinyengerere kuti nzapafupi. Penti ya pa lamba siidzakumananso ndi ya pa pule mukazungulitsa, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Zofunika ndi zizindikiro za pa zitsulo. Zikakhala bwino mangani tensioner pa 37 Nm. Mukadina lamba pakati pa mapule awiri ndi mphamvu ya makilogalamu awiri, alowe mamilimita 5 kapena 6.

Chotsani sanza zonse, muziwerenge ngati mmene munaziikira. Bwezerani zivundikiro za pulasitiki ndi kalabala kaja. Pa top cover ikani gasiketi yatsopano, ndipo pa ngodya pomwe bearing cap yoyamba ikumana ndi head, komanso pa ngodya zina pomwe panali gasket maker wakale, donthezani watsopano wochepa ngati njere ya mpunga. Manati ake amangofuna kugwira, osati mphamvu za pa tayala. Mapulagi, mawaya, pule ya water pump, malamba, tayala, batire.

Onani oyilo pa dipstick, muthire ngati wachepa. Lizani injini, muisiye itenthe mpaka fani izungulire, inu mukumvetsera mbali ya lamba. Kafungo ka oyilo wopserera kakhoza kumveka tsiku loyamba chifukwa cha wotsalira m'makona. Usiku umenewo yalani katoni yoyera pansi pa injini, muchite chimodzimodzi sabata yonse. Timadontho ta masiku awiri oyamba tikhoza kukhala takale totsika pa chitsulo, koma tofika tsiku lachisanu ndi tatsopano. Ngati mwaika lamba watsopano, lembani makilomita a lero ndi penti pa chivundikiro, pafupi ndi kasitika ka Chijapani komwe kanabwera ndi galimoto. Wotsatira adzafunika pakatha makilomita 100,000.